A Sakala ndi Akufa Awo Makumi Awiri ndi Asanu

Lamulungu lapitali tinasonkhana ku Falls Church, tauni ya pafupi ndi Washington, kukumbukira a Yotamu Sakala, popeza chaka chakwana chimwalirire iwo. Abusa analankhula. Mwana wawo wamkazi analankhula m'Chingerezi, akulira. Onse anati malemuwo anali munthu wopemphera, wosamala banja, wosajomba pamaliro a mnzake. Sananame. Koma panalibe amene anatchula za timu yawo, ndipo ine ndinaona kuti munthu amene tikumulirayo amuchepetsa. Atandipatsa mpata ndinangothokoza n'kukhala pansi. Pagulu sindilankhula. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma cholembera ndimachigwira bwino, ndipo zilembo zanga palibe anazidandaulapo. Choncho ndalemba.

A Sakala anapita ali ndi khumbo limodzi losakwaniritsidwa. Ankafuna dzina lawo lilembedwe pa chikho cha ligi yawo ya besibolo. Anasewera zaka khumi ndi zitatu, ndipo chaka chomaliza anatsala pang'ono kuchitenga. Dzanja langa lili m'nkhani imeneyi. Ndifika pamenepo.

Ndiyambe ndi masewerowo, chifukwa akwathu ambiri amaganiza kuti inali njuga. Nanenso poyamba ndinkatero. Amuna khumi ndi awiri, ambiri opuma pantchito, ankakumana Loweruka masana m'chipinda chapansi cha holo ina ku Fairfax. Mpira analibe, chibonga analibe. Anali ndi makhadi ndi madayisi. Khadi lililonse ndi munthu weniweni amene anasewera besibolo kalekale, ndipo ambiri a iwo ali kumanda. Pakhadipo pamalembedwa mmene munthuyo anasewerera chaka chakutichakuti. Ukaponya madayisi umayang'ana pakhadi, ndipo khadilo limakuuza ngati wamenya mpira, waphonya, kapena mpira wake wawakhidwa.

Chaka chikamayamba, aliyense amapatsidwa thumba lofanana la ndalama zongoyerekeza, zosagula ngakhale mchere. Ndi thumba limenelo ayenera kugula osewera makumi awiri ndi asanu. Akatswiri ndi odula. Ukagula atatu, thumba lapepuka kale. Nzeru yonse yagona pamenepo. Wopambana salandira kanthu, dzina lake limangozokotedwa pa kachikho kachitsulo kamene kamakhala pamwamba pa kabati.

Mkulu wa ligiyo ndi mzungu wina wamtali, a Wolita, amene anagwira ntchito za makontirakiti a boma mpaka kupuma. Iwowa ndi amene anabweretsa a Sakala. A Sakala ankagwira ntchito pamalo oimikapo magalimoto, m'kanyumba kokhomeredwa galasi, ndipo kuti tsiku lithe ankamvera besibolo pawailesi. A Wolita ankaimika galimoto pamenepo. Tsiku lina anamva mlonda wa ku Zambia akukalipira wailesi kuti woponya mpira watopa, amuchotse. Loweruka lotsatira anawatenga.

Anzawo a mu ligiyo ndi azungu, ndipo kagulidwe kawo n'kamodzi. Amathira thumba lonse pa zimphona khumi, kenako amadzazira malo otsalawo ndi makhadi otchipitsitsa, oti chaka chonse sadzatuluka m'bokosi. A Sakala ankadana nazo zimenezi. Iwo ankagawa thumba ngati mayi wogawa ndiwo kwa ana ambiri. Katswiri wotchuka sankamugula pa chaka chake cha mphamvu, ankamugula pa chaka chimene mawondo anayamba kukana koma diso likadalipo, mtengo utatsika. Ankati ng'ombe yokalamba sithamanga koma mzere siuphonya. Ankakonda omenya odziwa kudikira, osangokupiza chibonga pa mpira uliwonse. Wowakha, uja amanyonyomala kumbuyo kwa womenya tsiku lonse, ankamulipira bwino, ati ntchito yonyonyomala iwo amaidziwa. Ankakondanso amuna akuda a nthawi imene sankaloledwa kusewera limodzi ndi azungu, ndipo makhadi awo ankawasunga kutsogolo kwa bokosi.

Mwezi wathunthu ligi isanayambe, ankakhala kulaibulale ndi galasi lokulitsira zilembo, kufufuza m'mabuku akale. Akapeza munthu wotchipa koma wodziwa ntchito, ankandiimbira foni m'mawa ndisanamwe tiyi.

"A Nyasa, namupeza. Wamiyendo ngati gwape, ndipo azungu sanamuone."

"Akulu, anthu amayamba ndi moni."

"Moni tizapatsana Loweruka. Lembani dzina."

Ankanditcha a Nyasa chifukwa ndine wa ku Ntcheu. Ine ndikafuna kuwabwezera ndinkati a Rodeshiya, potengera dzina lakale la dziko lawo, koma kawirikawiri ndinkati akulu, pakuti anandiposa zaka zisanu ndi ziwiri. Maina enieni a osewera aja sindiwalemba muno, ali ndi adzukulu awo. A Sakala nawonso sankawatchula. Aliyense ankamupatsa dzina lawolawo, ndipo ankamutchula mwaulemu ngati mkulu wa pamudzi: a Gwape, a Mawondo, a Kadzidzi. Ankati wakufa sumuitana kuti iwe.

Lamulo lawo lalikulu linali ili: aliyense amene wagulidwa ayenera kusewera. Osati kamodzi pachaka ayi. Ndime iliyonse, ngakhale yomaliza yolimbirana chikho, onse makumi awiri ndi asanu ankayenera kutuluka m'bokosi n'kugwira ntchito. Ankati munthu sumudzutsa kumanda kuti adzaonerere anzake. Lamulo limeneli silinali la ligi. Linali lawo okha, ndipo linkawadyera masewero ambiri. Chaka ndi chaka ankathera pa nambala yachitatu, yachinayi, yachisanu. Kumchira sanafikeko. Kumutu sanafikekonso.

Pa lamulo limeneli tinakangana zaka zisanu ndi chimodzi. Ine ndinagwirapo ntchito yomanga, ndipo ndimadziwa kuti njerwa yosapsa suiika pangodya chifukwa choimvera chisoni. Ndinkawauza choncho. Iwo ankangothira shuga wachinayi m'tiyi, dokotala atawaletsa, n'kunena kuti a Nyasa mukanakhala Mulungu dziko likanatsala ndi anthu khumi.

Tinadziwana pamaliro ku Silver Spring, m'nyumba yapamwamba ya mnyamata wina wa ku Lusaka amene anataya mayi ake kumudzi. Azimayi ankaimba kuchipinda, ife amuna tili pabalaza. Pafupi nane panali mdala wamfupi, wa jekete lotuwa, akulemba manambala kuseri kwa pepala la nyimbo. Ndinapirira nyimbo ziwiri. Yachitatu ndinawagwira bondo.

"Akulu, pamaliro sitilemba za njuga."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Awa nilemba apa naonso ni akufa. Enawa ali na owalira ambiri, awa alibe." Kenako anandisonyeza pepalalo. "Manja anga anjenjemera, seveni na wani zafanana. Imwe mulemba bwino?"

Ndinawauza kuti ndimalemba bwino kuposa aliyense m'chipindamo. Anati tiona. Kuyambira pamenepo ndinakhala dzanja lawo. Ndinkalemba pepala la osewera a tsikulo, ndinkawaponyera madayisi, ndinkanyamula bokosi. Loweruka lililonse ndinkakwera sitima ya mzere wofiira, kusintha pakati pa mzinda, kutsika ku Falls Church, kenako tonse awiri pabasi. Mayi Sakala ankatitsanzika pakhomo ndi mawu amodzimodzi, kuti iwo anakwatiwa ndi mdzukulu wa kumanda, koma wawoyu m'malo mokwirira amafukula.

Besibolo yeniyeni anakaionera kamodzi kokha. Mkamwini wawo anatigulira matikiti a bwalo lalikulu la mu Washington. Masewero asanathe a Sakala anaimirira kuti tizipita. Anati phokoso lachuluka munthu sangaganize, ndipo osewera amoyo amalavula kwambiri. Akufa awo anali aulemu.

Chifukwa cha lamulo lija ndinachidziwa mochedwa, ndipo sanachinene ngati chifukwa. Linali Lachiwiri m'mawa, tikudikira basi ku Seven Corners kuti ndiwaperekeze kuchipatala. Kutsidya kwa msewu, pabwalo la sitolo yogulitsa zipangizo zomangira, panaima amuna ofuna ganyu, manja m'matumba chifukwa cha kuzizira. Inabwera galimoto yotsegula kumbuyo. Woyendetsa anatulutsa zala zitatu pawindo. Anathamanga amuna oposa khumi. Anakwera atatu, otsalawo anabwerera pang'onopang'ono pamalo pomwe anali. A Sakala anatembenuka n'kufulatira msewu.

"N'nali kapitawo ku depoti ku Lusaka zaka zambiri," anatero. "M'mawa ulionse pageti. Iwe, iwe, na iwe. Otsala, mailo."

Mailo ndiye mawa m'kalankhulidwe kawo.

"Panali mdala wina, anali kubwera na fosholo yake yake, atamanga chigwiriro na mphira. Mvula yonse anabwera. Tsiku lililonse n'nali kuti mailo, ndipo n'nali kukamba zoona mumtima mwanga, n'nali kufuna kumutenga mailo. Tsiku lina sanabwere. Dzina lake sin'namufunse."

Basi inafika. Tinakwera. Nkhaniyo sanaibwerezenso.

Tsiku lomwelo dokotala anawauza za mtima wawo. Ine ndinali panja, koma pobwerera anandiuza mosabisa kuti chaka chikubwerachi ndi chomaliza kusewera. Anati m'dziko lino akhalamo zaka zambiri, ndipo dzina lawo lalembedwa pa makalata a lendi okha basi. Ankafuna lilembedwe pa chinthu chimene anachigwirira ntchito ndi mutu wawo, choti munthu wina adzachiwerenge iwo kulibe n'kufunsa kuti Sakala ameneyu anali ndani.

Kuti anachifunadi chikhocho ndinaonera pa kagulidwe ka chaka chimenecho. Kwa nthawi yoyamba anagula chimphona, woponya mpira wa mtengo woopsa, pa chaka chake cha mphamvu. Anamutcha a Mphezi. A Wolita anavula magalasi n'kufunsa ngati a Sakala akudwala. Palibe anaseka koma a Sakala okha. Kwa amene sadziwa besibolo: masewero amodzi amakhala ndi zigawo zisanu ndi zinayi, ndipo munthu wofunika kuposa onse ndi woponya, chifukwa akakhala waluso omenya a timu inayo amangotuluka mmodzimmodzi osagoletsa.

A Mphezi anadya thumba. Pofika pa munthu wa makumi awiri ndi chisanu, zotsala zinali zokwanira khadi lotchipa kuposa onse pamndandanda. Anali woponya wamanzere amene anasewera chaka chimodzi chokha mu ligi yaikulu, kale zithunzi zisanakhale ndi mitundu, kenako osamvekanso. A Sakala anakapeza chithunzi chake kulaibulale: makutu aakulu, chipewa chomukulira. Anamutcha a Chakachimodzi. Chaka chonse ankawapatsa tsiku lawo monga mwa lamulo, ndipo masiku ambiri otero tinkagonja. Komabe a Mphezi ankatinyamula. Tinafika ndime yomaliza, ife ndi a Wolita, masewero asanu, wopambana atatu watenga chikho.

Oyamba anaponya a Mphezi, tinapambana. Achiwiri tinagonja. Lamulo la ligi limati woponya akayamba masewero ayenera kupuma atatu otsatira, choncho a Mphezi sakanabweranso mpaka achisanu. Pa achitatu a Sakala anati ndilembe a Chakachimodzi. Ndinawauza kuti tidikire, tikhale kaye patsogolo. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kuvomera. Tinagonjabe. Pa achinayi anatinso a Chakachimodzi. Ndinati akulu, tikagonja lero zatha, lero ayi. Anavomeranso. Masewero amenewo anatalika kupitirira zigawo zake, tinagwiritsa ntchito oponya onse othandizira, ndipo tinapambana movutikira. Oponya amenewo nawonso lamulo linawapumitsa. Mwa anthu makumi awiri ndi asanu, amene anali asanatulukebe m'bokosi anali mmodzi.

Loweruka la masewero achisanu kunagwa chipale chofewa. A Sakala anatsika masitepe a holo ija akupuma pa sitepe iliyonse, ine ndili kutsogolo ndi bokosi. Pansi anaima kuti mpweya ubwerere.

"Lelo lembani a Chakachimodzi."

"A Mphezi apuma mokwanira. Lero ndi tsiku lawo."

"Nakamba a Chakachimodzi."

"Akulu, mwagula mfuti n'kupita kunkhondo ndi legeni? Zaka khumi ndi zitatu mukufuna chinthu chimenechi. Chaka chamawa mwanena nokha kuti kulibe. Pepala silimva chisoni, khadi silidziwa kuti mwalisiya."

"A Nyasa, mwakamba maningi. Lembani."

Analowa kukapereka moni. Ine ndinakhala patebulo n'kutulutsa cholembera. Ndinaganiza za kachikho kaja, ndinaganiza za masitepe aja. Pamzere wa woponya ndinalemba a Mphezi. Ndinadziuza kuti ndikuwathandiza, kuti akadzaona dzina lawo pachitsulo adzandikhululukira. Zaka zonsezi anali asanayang'anepo pepala langa ndisanalipereke, ndipo tsiku limenelonso sanaliyang'ane.

Mwambo wa ligi ndi wakuti mnzako wopikisana naye amawerenga pepala lako mokweza. A Wolita anawerenga omenya asanu ndi anayi, kenako dzina la woponya. Amuna onse anali atazungulira tebulo lathu, ndipo ena anagwedeza mitu kuvomereza. A Sakala sanandiyang'ane. Anaika manja onse awiri patebulo n'kufunsa m'Chingerezi chawo chapang'onopang'ono ngati pepala lingasinthidwe. A Wolita ndi munthu wa malamulo. Anati pepala likaperekedwa laperekedwa. Woponya wolembedwayo ayenera kukumana ndi womenya woyamba. Pambuyo pake angachotsedwe, koma wochotsedwa sabwereranso. Kenako anatsitsa mawu, nati Yotamu, musiye aponye, ndi munthu wako wabwino kuposa onse.

"Ponyani madayisi," a Sakala anandiuza.

Ndinaponya. A Mphezi anatulutsa womenya woyambayo ngati akuthamangitsa nkhuku. A Sakala anatambasula dzanja, anatenga khadi lodula lija n'kulibweza m'bokosi. Wina kumbuyo kwanga anadzuma. Anatulutsa a Chakachimodzi, anawaika pakati pa tebulo, n'kuwasisita ndi chala chachikulu kuti agone bwino.

Zimene ndinaona pambuyo pake ndizinena monga zinalili. Zigawo zisanu a Chakachimodzi sanalole chigoli ngakhale chimodzi. Zimphona za a Wolita zinkamenya, koma mpira unkagwera m'manja mwa a Gwape ndi anzawo, amuna otchipa aja osankhidwa ndi galasi lokulitsira zilembo. Ife tinagoletsa ziwiri. A Sakala ankawerama n'kumalankhula ndi khadilo chapansipansi: pang'onopang'ono a Chakachimodzi, musathamange, tili kumbuyo kwanu. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene mwana wake akuwerenga bwino pamaso pa alendo.

Koma khadi limanenanso kuti woponya amatopa pakatha zigawo zingati, ndipo la a Chakachimodzi linali la mpweya waufupi. Wowalandira panalibe. Chigawo chachisanu ndi chimodzi analola chigoli chimodzi. Chachisanu ndi chiwiri analola zinayi. Tinawonjezera chimodzi kumapeto, osakwanira. A Sakala anaimirira, anagwira chanza a Wolita ndi manja awiri, anathokoza aliyense, kenako anasonkhanitsa makhadi awo mmodzimmodzi. A Chakachimodzi anawalowetsa pomaliza.

Pamalo odikirira basi tinali awiri okha. Ine mkwiyo unali utandidzaza, ndipo munthu wolakwa akakwiya amayamba ndiye kulankhula.

"Mukanawasiya a Mphezi, chikho chikanakhala chanu."

"Kapena."

"Osati kapena. Mwataya nokha."

Anakoka chipewa kuphimba makutu. "N'nali n'takonza kuti a Chakachimodzi aponye zigawo zitatu chabe. Zisanu na chimodzi zotsala, a Mphezi. N'nawerenga sabata yonse, zinali kukwana."

Zigawo zitatu anali atazidutsa osalola kanthu. Ndinaziona ndi maso anga.

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Munan'funsa? Munali pa mfuti na legeni."

"Chabwino. Pepala litalakwika, bwanji osasiya a Mphezi aponye, enawo n'kuwalowetsa kumapeto?"

Apa anandiyang'ana koyamba chichokere m'chipinda chija. Sanali okwiya. Ndikanakonda akanakwiya.

"A Nyasa, mtima wanga niudziwa. N'kanati chigawo chikubwerachi. Chikafika, n'kanati chinacho. Kawiri konse munati tidikire, ndipo kawiri konse n'navomera, simunan'kakamize. Uja kapitawo akalipo muno." Anadzigunda pachifuwa ndi chala. "N'kamupatsa mpata, ati mailo."

Sindinapepese. Kwathu amuna a msinkhu wanga sitinaphunzire mawu amenewo. Ndinawaperekeza mpaka pakhomo, ndinakwera nawo masitepe, bokosi ndinaliika pamalo pake. Mayi Sakala atafunsa kuti zayenda bwanji, amuna awo anati tagonja koma onse agwira ntchito, ndipo pempho lawo ndi tiyi. Za pepala sanawauze mkazi wawo, sanauze a Wolita, sanauze munthu. Azungu aja mpaka lero amati mdala anasokonezeka mutu ndi matenda. Mayi Sakala adziwa powerenga pano.

Kuchokera tsiku limenelo a Sakala anakhala ndi moyo miyezi inayi. Ndinkapita Lachiwiri ndi Lachisanu. Mlungu womaliza kuchipatala anandituma kuti ndiwalembere mndandanda wa chaka chotsatira, ngakhale tonse tinkadziwa. Chimphona munalibe. Anabwerera ku amuna awo a mawondo otha. Nditamaliza anati ndibweretse pepalalo pafupi, anavala magalasi, n'kuliwerenga mzere ndi mzere, chala chikutsetsereka pang'onopang'ono mpaka pansi.

"Masiku ano niyamba nayang'ana," anatero. "Alembi a ku Nyasalande ni ochenjera."

Anaseka mpaka namwino anabwera kudzaona makina. Nanenso ndinaseka. Kukhululuka kwawo kunali kumeneko, ndipo ndinakulandira.

Maliro atatha, a Wolita anabwera kunyumba ndi ganizo. Ligi inagwirizana kuti dzina la a Sakala lizokotedwe pachikho mwaulemu, pansi pa maina a opambana. Mayi Sakala anasangalala, n'kutembenukira kwa ine kuti ndivomereze, poti ndine ndinkayenda nawo. Ndinakana. Ndinati munthu amene anabweza a Mphezi m'bokosi ndi dzanja lake, chikho akuchiona, sangalandire dzina lopatsidwa chifukwa cha chisoni. Mayiwo anati ine ndi malemu tinali ofanana, mitu ngati miyala ya pamtsinje. Sanandilankhule mwezi wathunthu. Pano timalankhulana, ndipo ine maganizo sindinasinthe. Pa mzere wa chaka chimenecho pali dzina la a Wolita, amene anapambana mwachilungamo.

Mwezi wathawu ndinapita ku holo ija. Masitepe ndi omwe aja, fungo la khofi wopsereza ndi lomwe lija. Kale ankayala matebulo opinda asanu ndi limodzi, awiriawiri kuyang'anizana. Tsopano amayala asanu. Lachisanu ndi chimodzi laimikidwa kukhoma, miyendo yopinda, ndipo wina wakolekapo jekete. Matimu atsala khumi ndi imodzi, nambala yosagawika, choncho Loweruka lililonse pamakhala munthu mmodzi wopanda wosewera naye. Amasinthana. Andipempha kawiri kuti nditenge malowo. Sindinayankhe.

Tsiku limenelo wopanda mnzake anali a Wolita. Anabwerabe, poti ndiwo amasunga kiyi. Madayisi ankalira pamatebulo asanu aja, amuna akutsutsana za anthu amene anafa iwo asanabadwe. A Wolita anali pampando wapafupi ndi chitseko, atavala chikhoti, bokosi lawo lili pamiyendo, lotseka.